Kutula Makiyi

Lolemba, 2 Sepitembala

Kalata ya Ambuye Episkopi yafika. Chisankho chidzakhala pa 14, Loweruka, Misa ikangotha. Adzabwera okha kudzayang'anira. Ndawerengera asisitere onse pa chakudya cha masana. Supuni ya wina inagwa pansi, basi.

Zaka khumi ndi ziwiri ndili Amayi Akulu a nyumba ino. Zisanu ndi chimodzi, kenako zinanso zisanu ndi chimodzi. Malamulo athu amalekeza pomwepo. Pa 14 ndibwerera pa benchi ngati wina aliyense.

Ovota tilipo 15, okhawo a malumbiro osatha. Anovisi, atsikana ophunzira usisitere, tilibe, chino ndi chaka chachitatu. Pamene ndinkalowa ine tinalipo 42. M'tchapelo munkachepa, ife ana tinkagwada pa simenti kumbuyo. Masalimo akamayimbidwa, mbali iyi kuyamba, mbali iyo kulandira, mawindo ankachita kunjenjemera. Lero mbali ya kumanzere kwatsala mawu asanu ndi awiri, atatu mwa iwo ndi chifuwa chokhachokha.

Bondo layambanso. Mpopi wa kukhitchini ukudonthabe.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Achiwiri anga, sisitere wonditsatira pa udindo, analowa mu ofesi m'mawa, nkutseka chitseko bwinobwino ngati akubisa mbuzi yakuba. Akuti asisitere ambiri akufuna ine ndipitirize. Njira ilipo, ndikuidziwa. Dzina langa likalembedwa ndi magawo awiri mwa atatu, ndiye kuti anthu khumi, Ambuye Episkopi amalembera akuluakulu kupempha chilolezo cha ulendo wachitatu. Achiwiri akuti awerenga kale asanu ndi anayi.

Ndinawayankha zachisisitere, kuti Mulungu ndiye adziwa. Koma mtima unavina. Ndikulemba pano kuti ndidziwone ndekha: unavina.

Masana ndinadutsa kwa Achipata. Dzinali linawakanirira chifukwa akhala olondera pakhomo zaka makumi awiri. Tinalowa tsiku limodzi, zaka 46 zapitazo, basi imodzi, mvula imodzi. Lamba wa sutikesi yawo anaduka pa masitepe, ine nkulowa patsogolo. Kuno ukulu sitiwerengera kubadwa, timawerengera nthawi yolowera pakhomo. Ndiye iwo, ondiposa ndi zaka zinayi, akhala ang'ono anga moyo wonse. Pa benchi pambuyo panga, pa tebulo pambuyo panga, pa mzere wa Ukaristia pambuyo panga. Amati lamba wa sutikesi anawadyera ukulu.

Tili anovisi tinkanong'onezana kosenda mbatata, tikuitanana "iwe". Tsiku lomwe ndinasankhidwa, "iwe" uja anafa. Chiyambire ndi "Amayi" basi.

Anali atamva kale za Achiwiri. Pachipata palibe chodutsa osaonedwa. Osandiyang'ana, akupukuta galasi la kawindo, anangoti: "Amayi, mlendo wabwino amatsazika eni nyumba akadamufuna."

Tiyi wa 4 koloko sanandikomere.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Ndayamba kukonza mu ofesi. Kaya ndichoka kaya ndikhala, malamulo akuti zonse zikhale poyera tsiku la chisankho lisanafike. Makiyi 19 pa mphete imodzi. Atatu sindikudziwanso kuti amatsegula chiyani.

Mu dirowa yoyamba muli chidindo cha nyumba, buku la malumbiro momwe aliyense anasaina pa guwa, ndi chithunzi cha Amayi Oyamba, amene anayambitsa nyumba ino. Wamfupi, magalasi omanga ndi ulusi. Ndinakhala pansi nacho mpaka belu.

Mmene ankalamulira munthu uja! Pa chaputala, tikasonkhana tonse kukambirana nkhani yaikulu, ankayamba kufunsa wamng'ono kwambiri, kuti asaope kutsutsana ndi zomwe akulu anena kale. Ine ndili ndi miyezi iwiri chichitire malumbiro anandifunsa ngati tigulitse ng'ombe. Ndinati ayi. Anagulitsabe, koma madzulo anabwera kudzandiuza chifukwa chake. Ankayenda ndi singano pa mkanjo, akaona velo ya wina yang'ambika amasoka ali chiimire, uku akukudzudzula. Nthawi yawo itatha anapempha khola la nkhuku. Zaka zisanu ndi zinayi osapondanso mu ofesi muno, ngakhale kudzabwereka pensulo. Wowalowa m'malo akalakwitsa, iwo ankangouza nkhuku.

Dirowa yachiwiri, makalata a makolo, mapepala a achipatala.

Yachitatu ndinaitsegula nkuitsekanso. Pansi pa mafayilo pali envulopu ya buluu. Ndinkadziwa kuti ilipo. Kuiwala ndinkachita kudzikakamiza.

Loweruka, 7 Sepitembala

Ndilembe, mwina mutu upepuka.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo tinali ndi anovisi asanu. Mwezi umodzi atatu anachoka, motsatizana ngati anapangana. Manyazi ake! Ansembe kufunsa, makolo kufunsa, nyumba zina za chipani chathu cha asisitere kufunsa. Ndinafuna woti asenze. Wosenza anali pafupi: sisitere amene ankaphunzitsa anovisiwo, yemwe mpaka lero tonse timamutcha Aphunzitsi. Ndinkati amawalera ngati mazira. Amaseka nawo, amawalola kulira, amawamvera maola.

Ndinaitanitsa khonsolo, alangizi anga anayi. Pa nkhani yochotsa munthu pa udindo, malamulo akuti Amayi awamve alangizi, koma sakakamizidwa kutsata zimene anena. Atatu anakana. Achiwiri okha anavomera. Ine ndinawamva, monga malamulo anenera, kenako nkuchita zanga. Aphunzitsi ndinawatumiza kochapira. Munthu woti anaphunzira mpaka kuyunivesite, wodziwa Malembo kuposa ansembe ena. Anagwada, nkuti "Zikomo, Amayi." Mawu awiri amenewo basi.

Patatha miyezi inayi, envulopu ya buluu. Wolemba, mmodzi wa atatu aja, wamtali uja woimba bwino. Masamba awiri. Akuti sanachoke chifukwa cha Aphunzitsi. Akadapanda Aphunzitsi akadachoka chaka chathunthu m'mbuyomo. Anachoka chifukwa cha ine. Tsiku lomwe ndinam'gwaditsa pakati pa chipinda chodyera chifukwa cha buledi wopserera, nkumuuza pamaso pa onse kuti kwawo sanam'lere. Mayi ake anali atamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Ndinkadziwa, zili mu fayilo yake. Anzake awiri aja anaona, nkunena kuti ngati ukulu wa kuno ndi umenewu, bola kwawo.

Ndinawerenga kamodzi. Khonsolo sindinaiuze. Aphunzitsi sindinawauze. Ndinati ndidikire nthawi yabwino. Nthawi yabwino yatha zaka zisanu ndi zitatu ili m'njira.

Mapepala a mu ofesi amapita kwa Amayi atsopano. Ndikapitiriza ine, dirowa ikhala yanga. Kodi nchifukwa chake mtima unavina Lachitatu?

Machesi ali pa shelefu ya makandulo. Ndawayang'ana kawiri.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Mbindikiro wa masiku atatu wayamba, wokonzekera chisankho. Kuyankhula ayi, kupatula za ntchito. Kukopa mavoti nkoletsedwa, koma maso a Achiwiri akuyenda m'makonde ngati nyerere.

Achikulire athu, zaka 91, makutu anatseka kalekale, anandikoka mkanjo potuluka m'tchapelo nkufuula kuti iwo avotera Amayi Oyamba monga mwa nthawi zonse. Amayi Oyamba ali m'manda zaka 23. Zisankho zitatu zapitazi pepala limodzi limatuluka ndi dzina lawo. Asisitere anaseka m'mavelo. Ine misozi.

Masana ndinapita kochapira. Ndinati ndikaone makina aja amavuta. Bodza. Nthunzi, fungo la sopo, nsalu za paguwa zili mbuu pa zingwe. Aphunzitsi akusita, msana wayamba kupindika. Ali ndi zaka 54 zokha. Manja osweka m'mfundo, zikhadabo zoyera ngati za munthu wodwala. Pa khoma anamatapo kapepala ka salimo, inki yasungunuka ndi chinyezi.

Anayimika ayironi, nkuweramitsa mutu, kudikira. Ine ndinafunsa za makina. Anati akugwira. Ndinati chabwino. Ndinatuluka.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Chaputala cha zolakwa, chomaliza ine ndili pa mpando. Lachisanu lililonse timakhala mozungulira chipinda, aliyense kugwada pakati nkunena zimene walakwira gulu. Osati za kolapa, za panja zomwe: kuchedwa, kuswa, kuyankha mwamwano. Amayi Akulu amamaliza.

Envulopu inali m'thumba la mkanjo. Ndinagwada, bondo nkulira. Ndinatsegula pakamwa. Zomwe zinatuluka: kuti ndinaswa kapu Lolemba, ndiponso kuti nthawi zina ndakhala wosaleza mtima pa zaka zonsezi. "Nthawi zina." Onse anayankha pemphero lija la masiku onse. Ndinadzuka.

Achipata anandiyang'ana nthawi yaitali. Sadziwa za kalata, koma amandidziwa ine.

Sindinawotche. Sindinanenenso kuti asandivotere. Zonse ziwiri zandikanika.

Loweruka, 14 Sepitembala

Za m'chisankho sitiuza munthu. Koma kope lino si munthu.

Misa ya Mzimu Woyera. Kenako m'chipinda cha chaputala, chitseko chotseka. Ambuye Episkopi pa tebulo, ansembe awiri owerenga mavoti. Ndinagwada, nkuika makiyi ndi chidindo patsogolo pawo. Kuyambira mphindi imeneyo nyumba inalibe Amayi. Lamba wanga anapepuka mbali imodzi, ndinkangoyenda chopendama.

Aliyense analumbira kuti asankha amene akumuona woyenera pamaso pa Mulungu. Timapepala, kupinda kawiri, kuponya m'bokosi la matabwa lomwe lija la kalekale.

Ulendo woyamba: ine 8, Aphunzitsi 4, Achiwiri 2, Amayi Oyamba 1. Khumi sanakwane. Nditamva dzina la Aphunzitsi kanayi, ndinayang'ana pansi. Anthu anayi akhala akuona zimene ine ndinkati palibe akuona.

Wachiwiri: ine 6, Aphunzitsi 7. Malamulo athu akuti wopemphedwa ulendo wachitatu akalephera kawiri, dzina lake lichoke. Ambuye Episkopi ananena zimenezi mofatsa, akuyang'ana pa tebulo.

Wachitatu: Aphunzitsi 11. Limodzi mwa amenewo langa. Ndisadzitame, ndinalemba dzina lawo pamene langa linali litagwa kale.

Aphunzitsi anafunsidwa ngati akuvomera. Anati akuvomera, ndi chithandizo cha Mulungu ndi cha asisitere. Mapepala anawotchedwa m'mbale. Belu lalikulu. Tinaimba nyimbo yothokoza, ndipo lero mbali ya kumanzere inamveka.

Kenako kulonjeza kumvera, mmodzimmodzi. Ndinagwada, nkuika manja anga m'manja mwawo. Okhakhala ngati khungwa. Ananunkhira sopo. Ndinati "Amayi." Anandidzutsa okha chifukwa cha bondo.

Madzulo ndasamutsa katundu. Mikanjo iwiri, buku la mapemphero, kolona, kope lino. Ulendo umodzi wokha. Chipinda nambala 6, windo loyang'ana ku thanki ya madzi.

Lolemba, 16 Sepitembala

Kupereka ofesi. Kuyambira 9 mpaka belu la masana. Ine mbali ya alendo, pa mpando wolimba uja ndinkakhazikapo anthu. Sindinkadziwa kuti mwendo umodzi ndi waufupi. Zaka zonsezi palibe anandiuza.

Makiyi mmodzimmodzi. Mafayilo. Za mpopi. Titafika pa dirowa yachitatu ndinatulutsa envulopu m'thumba, nkuiika pa tebulo. Ndinati iyi inayenera kufika kwa iwo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Anayang'ana zolemba za pamwamba, osatsegula. Anati kalembedweko akukadziwa. Mtsikanayo analemba makalata awiri sabata imodzi, ina kwa ine, ina kwa iwo, ndipo mwa iwomo ananena kuti walemberanso Amayi Akulu zoona zonse. Makalata onse olowa amadutsa mu ofesi muno. Ndiye kuti ndinawapatsa ndekha, ndi dzanja langali, osadziwa.

Ndiye ankadziwa. Masiku onsewa. Akundichapira mikanjo, akundisitira velo, akugwada Lachisanu lililonse kunena kuti apsereza nsalu.

Ndinafunsa chifukwa chimene sananene kwa Amayi Oyendera, amene amabwera zaka zitatu zilizonse kudzamva aliyense payekha. Mawu amodzi okha, ine ndikadachotsedwa. Anati chaka choyamba anafuna kutero, mpaka analemba zoti akanene. Chachiwiri ankangolira. Kenako anayamba kudikira. "Chitseko cha kochapira chikalira, ndinkati mwina ndi lero. Lachiwiri lapitali ndinati ndithu ndi lero. Munafunsa za makina."

Ndinapepesa. Mawu ochepa, oonda. Sanati palibe kanthu, ndipo ndikuwathokoza kuti sanatero. Anati kukhululuka anayamba kale, koma sanamalize, ndiwapatse nthawi. Envulopu anandikankhiranso. Akuti si ya ofesi, ndi yanga. Sandilamula chilichonse pa iyo.

Potuluka ndinatembenuka kuti ndikhome chitseko. Dzanja linapita pa lamba. Palibe kanthu.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Amayi akachoka, maudindo onse amagwa nawo limodzi, atsopano nkugawa mwatsopano. Lero anawerenga mndandanda. Achiwiri akale apita kosokera, nkhope ngati amwa mankhwala owawa. Khonsolo yatsopano, awiri osankhidwa ndi gulu, awiri ndi Amayi. Achipata akhalabe pachipata, akuti ngakhale Papa sangawachotse. Kochapira tizisinthana sabata ndi sabata, tonse amene tili ndi mphamvu, Amayi omwe.

Ine kophikira timikate ta Misa. Komwe ndinayambira ndili ndi zaka 22! Chitsulo chowotchera ndi chomwe chija, chogwirira chake chinaperepeseka ndi manja a anthu amene ambiri ali kumanda kuseri kwa tchapelo. Ufa ndi madzi basi. Fungo lake linandibweza. Tinkakhala asanu ndi mmodzi m'kachipinda kameneka, wina kusakaniza, wina kuwotcha, awiri kudula, awiri kusankha. Zodukaduka tinkadya mobisa. Amayi Oyamba ankadziwa, ankangotifunsa ngati mbewa za kuno zavala mavelo. Lero ndekha, ndi wailesi ya mpopi wodontha kuseri kwa khoma. Mapepala atatu oyamba a timikate ndapsereza.

Pa tebulo ndabwerera pa malo anga a kalowedwe, wachitatu kuchokera kwa Achikulire. Kumanzere kwanga Achipata. Otiwerengera buku pa chakudya ali mkati mowerenga, ndinamva chigongono m'nthiti, kenako kanong'onong'o: "Iwe, patse mchere."

Ndinalephera kumeza. Anaganiza kuti ndatsamwa, nkundimenya pamsana.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Chaputala. Ndawerenga kalata yonse, masamba onse awiri, nditagwada. Ndanenanso za khonsolo ija, za atatu amene anakana, za dirowa, za machesi.

Sisitere wakukhitchini analira, ndi amene anaphunzitsa mtsikana uja kuphika buledi. Achiwiri akale maso pansi. Achikulire anafunsa mokweza kuti wamwalira ndani.

Amene wanena cholakwa amapatsidwa chochita. Ndinkayembekeza kudya chogwada sabata yathunthu, kapena kukhala kumapeto kwa mzere. Ndikadakonda zimenezo, zimatha msanga. Amayi anati ndilembere atatu aja, aliyense kalata yakeyake. Ma adiresi ali nawo. Akhala akulemberana nawo Khirisimasi iliyonse, ndi chilolezo changa chomwe, chimene ndinkapereka osafunsa kuti akulembera yani.

Lachinayi, 26 Sepitembala

Sabata ya zala zopsa. Timikate tayamba kutuluka toyera. Asisitere ena akundilambalala m'khonde, ena akundimwetulira mopitirira, zonse ziwiri zikuwawa. Wakukhitchini sanandiyankhulebe. Mpopi wakonzedwa dzana, Amayi anangoitana munthu, nkhani ya ola limodzi.

Makalata awiri ndamaliza, apita dzulo. Ndinakapempha masitampa mu ofesi, nditaima pakhomo, ndikudikira kuti andiuze kulowa.

Yatsala ya wamtali uja. Amayi akuti anakwatiwa, ali ndi ana awiri, amaphunzitsa kwaya ku parishi ya kwawo. Woyamba ndi wamkazi, zaka zisanu. Zaka zomwe iye anali nazo mayi ake pomwalira.

Mapepala anayi ndang'amba. Vuto ndi mzere woyamba. "Mwana wanga" sindingathe, ndinataya ufulu umenewo m'chipinda chodyera. "Sisitere" si sisitere. "Mayi" zikumveka ngati kalata ya kuboma. Achipata akuti ndisiye zokometsera, ndilembe dzina lake lenileni, limene mayi ake anam'patsa, ndipo chiganizo choyamba chikhale cha mayi akewo, kuti anam'lera bwino, wosaleredwa ndinali ine.

Ndalemba dzinalo. Likuoneka lalifupi pa pepala lonseli. Belu la mapemphero a madzulo layamba, ndipo kale linkadikira kuti ine ndifike, pano silidikira munthu. Ndikabwerako ndiyambira pa mayi ake, kenako za buledi uja, kuti sanapserere kwenikweni, kunali kungoderako pansi, ndipo ine m'mawa umenewo ndinali... Belu likutha, ndapita.